Kaliwo wa mtengo wa pear: ndemanga yanga nditamuyerekeza ndi wa briar

Kaliwo amene ndikumufotokoza pano ndinamugula m'kasitolo kena ka fodya pakati pa mzinda wa Harare, ndipo ndi wosemedwa kuchokera ku mtengo wa pear, umene umabala zipatso m'maiko ozizira a ku Ulaya. Ndalama zake sizinafike ngakhale theka la zimene ndinalipira pa kaliwo wanga wa briar (wosemedwa kuchokera ku chibuluma cha chitsamba china), choncho ndakhala ndikusutira onse awiri mosinthanitsa kuyambira m'nyengo yozizira mpaka mvula itayamba, kuti ndione ngati kusiyana kwa ndalamako kuli ndi chifukwa chomveka.

Maonekedwe ake ndi abwino ndithu. Ndi wopepuka pakamwa, chibowo chodutsa utsi chinabooledwa molunjika, ndipo chokokera chake chimalandira fyuluta ya mamilimita 9, imene imapezeka mosavuta kuposa zina. Masiku oyamba utsi unkamveka kafungo ka nkhuni zopsa kosakanikirana ndi kakutsekemera pang'ono, koma kanatha kokha mkati mwa kamphika mutayamba kuda.

Nkhani yaikulu ili pa kutentha, ndipo apa ndi pamene briar amaonetsa chifukwa chimene amagulitsidwira ndalama zambiri. Briar si thabwa la thunthu la mtengo ayi, koma ndi chibuluma chimene chimamera pakati pa mizu ndi tsinde la chitsamba chotchedwa Erica arborea, chomwe chimapezeka m'madera ozungulira nyanja ya Mediterranean monga Italy, Corsica, Greece ndi Algeria. Chibulumacho chimasunga madzi kuti chitsamba chipirire chilala ndi moto wa m'tchire, ndipo akachikumba amachidula zidutswa, kuziwiritsa kwa maola ambiri kuti utomoni uchoke, kenako kuziumitsa pang'onopang'ono kwa miyezi. Ndi chifukwa chake amisiri a m'tauni ya Saint-Claude ku France anayamba kuchikonda cha m'ma 1850, ndipo makampani odziwika monga Peterson ya ku Dublin ndi Savinelli ya ku Italy akugwiritsabe ntchito mpaka lero. Mtengo wa pear ndi wolimba, koma ndi wofewerapo ndipo supirira moto chimodzimodzi. Ndikakoka utsi mofulumira, kamphika kamatentha mpaka zala zimakana kukagwira, pamene wa briar, pa kakokedwe komweko, amangofunda basi.

Kwa ife okhala mu Harare vutoli limakula pa zifukwa ziwiri. Fodya amene dziko lino la Zimbabwe limatchuka naye, yemwe amadzaza misika ya okushoni monga Tobacco Sales Floor nyengo yogulitsa ikafika, ndi wa Virginia wowumitsira m'mabalani, ndipo popeza ali ndi shuga wambiri amayaka motentha ndi kuluma lilime ngati wosuta ali ndi phuma. Kuonjezera apo, mpweya wouma wa mu September ndi October umaumitsa fodya m'thumba mwake pasanapite masiku, ndipo fodya wouma amathamanga ngati moto wa udzu. Mu kaliwo wa pear kuphatikiza kumeneku sikukhululuka. Ndinapeza kuti fodya wosakaniza ndi burley, mtundu umene kwathu ku Malawi umalimidwa kwambiri, amayenda bwino mwa iye chifukwa amayaka mozizirirapo ndipo alibe shuga wochuluka. Akuluakulu ena a ku Mufakose, dera lina la mu Harare, amene anazolowera chingambwe angaseke zosankhasankha zoterezi, koma lilime lawo linakhwima kale.

Chimene chimateteza kaliwo aliyense wa mtengo ndi kachikhokho kakuda kamene kamamatirira mkati mwa kamphika, monga mmene nkhoko zimatsalira mumphika wa nsima. Pa briar kachikhokhoka kamathandiza, koma pa pear ndi kofunika zedi, chifukwa popanda iko moto umayamba kudya mtengo weniweniwo. Wogula ayenera kuyamba ndi kuthira fodya theka lokha la kamphika, kusuta mosathamanga mpaka pansi, ndipo asakokolole mkati ndi mpeni. Kakakhuthala kupitirira mamilimita awiri kayenera kupalidwa mosamala, poti kakachuluka kangathe kung'amba kamphika. Ngakhale ndinatsatira zonsezi, wanga wayamba kale kuderako pamphepete ndi mbali imodzi ya kunja, zimene sindinaonepo pa wa briar yemwe ndi wamkulu kwa iye ndi zaka.

Mvula itayamba ndinaonanso kuti wa pear amanyowa msanga mkati n'kuyamba kulira ndikamakoka, ndipo amafuna kupuma tsiku lathunthu kapena awiri asanasutiridwenso. Kupititsa kotsukira m'chibowo pakati pa kusuta kumachepetsa vutolo. Amasunganso fungo, kotero kuti mukathiramo fodya wonunkhira vanila, mudzamumvabe ngakhale mutasintha mtundu.

Komabe sindikunong'oneza bondo kuti ndinamugula. Ndi kaliwo amene ndimapita naye kudimba kapena kokawedza ku Lake Chivero osadera nkhawa kuti akagwa pamwala ndataya chuma, ndipo ndikamusuta modekha kukoma kwa utsi sikusiyana kwenikweni ndi kwa briar, zimene ogulitsa akaliwo odula sangakonde kumva. Kwa munthu amene amasuta kale ndipo akufuna kaliwo wachiwiri kapena wachitatu woti azipumulitsira kaliwo amene amamukonda kwambiri, ndalamazo sizipita pachabe. Kwa amene akufuna kaliwo mmodzi yekha woti azisutira tsiku ndi tsiku, makamaka ngati amakonda Virginia, ndi bwino adikire apeze ndalama za briar, ngakhale wa kampani yosatchuka, chifukwa wa pear sangapirire ntchito yotero kwa nthawi yaitali. Pa za thanzi, mtundu wa mtengo kapena fyuluta sizichotsa kuopsa kwa fodya pakamwa, pakhosi ndi m'mapapo, choncho amene sasuta asayambe chifukwa choti kaliwoyu ndi wotchipa.

Ndikumupatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu.