DVD ya Pandora's Box ya Criterion: Louise Brooks pachimake

Ofuna kumudziwa Louise Brooks, mtsikana wa ku Kansas amene anayamba ngati wovina asanakhale katswiri wa mafilimu, agule DVD iyi ya 2006 ya kampani ya Criterion. Muli madisiki awiri. Yoyamba ili ndi Pandora's Box, momwe Brooks ndiye wosewera wamkulu, filimu yopanda mawu ya 1929 imene G. W. Pabst anajambula ku Berlin, ya mphindi 133. Nyimbo zoperekeza zilipo mitundu inayi, mumasankha nokha. Ya piyano ndiyo yabwino, imasiya maso a Brooks alankhule okha. Disiki yachiwiri ili ndi mbiri ya moyo wake komanso kucheza naye atakalamba, akulankhula mosapsatira mawu.

Koma chenjerani, DVD iyi ndi ya Region 1, kutanthauza kuti inapangidwira makina a DVD a ku America ndi Canada. Makina ambiri ogulidwa kunja kwa America amaikana, pamafunika osasankha region. Zithunzi zina n'zokandika chifukwa filimu yoyambirira inatayika, anachita kulumikiza makope akale.