Hilux yanga itaona dzinja ndi chilimwe: zomwe ndinayamba nazo ndi zomwe zikudikirabe

Toyota Hilux Vigo yanga ya injini ya dizilo ya 2.5 D-4D, yomwe ndinagula kwa munthu wina, yadutsa dzinja lathunthu ndi chilimwe chonse chiyambire kuikonzera misewu yoipa. Tsopano ndikhoza kunena zomwe ndaona ndi maso anga, osati zolembedwa pa bokosi. Galimotoyi si yokasangalalira ku tchire. Mkati mwa sabata imazungulira mu Lusaka momwe muno, nthawi yodzala imanyamula feteleza ndi mbewu kupita kumunda kuseri kwa Chongwe, ndipo nthawi yokolola imatsika Great East Road, kuwoloka mlatho wa Luangwa, kudutsa Nyimba ndi Petauke mpaka kwathu ku Sinda, komwe ukangopatuka pa phula umayamba kulimbana ndi miyala, mchenga wa m'mitsinje youma ndi madambo.

Ndalama zomwe ndinali nazo sizinali zokwanira ngakhale theka la zomwe eni magalimoto otere amalakalaka. Ndinaganiza zoziika pansi, pomwe galimoto imakumana ndi nthaka, ndi mkati momwe anthu saona. Bullbar (chitsulo chotchinga kutsogolo), winchi (makina okoka galimoto ndi chingwe ikatitimira), snorkel (paipi yokweza pomwe injini imakokera mpweya), magetsi a padenga ndi kukweza galimoto ndinaziika pambali. Mpaka lero zidakali pambali pomwepo, ndipo palibe ulendo womwe ndinalephera chifukwa chosowa chimodzi mwa izo.

Ndisanagule chatsopano chilichonse, makanika wanga anaumirira kuti tiyambe ndi zakale zomwe zatha. Anati, "Achimwene, musaveke galimoto yodwala." Injini za D-4D, kaya ya 2.5 kapena ya 3.0, zimafuna lamba wa timing (lamba woyendetsa mavalavu a injini pa nthawi yake) watsopano pa makilomita 150,000 alionse, ndipo pa galimoto yogula kwa wina sungadziwe ngati nyali ya T-BELT, yokumbutsa kusintha lambayo, inazimitsidwa lamba atasinthidwadi. Tinasintha lamba, ma ball joint a kutsogolo, mabushi, ndi mafuta a m'madifu (magiya ogawira mphamvu ku magudumu) ndi mu giyabokosi. Ndalamazo zinandipweteka chifukwa galimoto inatuluka m'galaja ikuoneka chimodzimodzi. Palibenso chonena pa izi, kupatula kuti palibe chomwe chathyoka.

Matayala ndiwo anadya pafupifupi theka la thumba lonse, ndipo ndi pomwe ndili ndi zambiri zonena. Ogulitsa ambiri m'tauni, ukangotchula za kumudzi, amakuloza ku matayala a mud-terrain, a m'matope, a mano akuluakulu, kapena amakuuza kuti ukulitse saizi. Ine ndinatsala pa saizi yomwe inalipo, 265/70R16, koma ndinagula a all-terrain, oyenda pa phula ndi pa dothi pomwe, olembedwa LT (Light Truck) m'mbali. Zilembo ziwirizi n'zofunika kuposa maonekedwe a mano. Tayala la LT limakhala lolimba thupi, lopangidwira kunyamula katundu, ndipo nambala yake ya katundu imakhala yokwera: 112 yomwe imapezeka pa matayala wamba a saizi imeneyi imatanthauza makilogalamu 1,120 pa tayala limodzi, pomwe 121 ndi makilogalamu 1,450. Kumunda chomwe chimapha tayala si matope ayi, koma chitsa cha mtengo wodulidwa chobisika m'udzu ndi mwala wakuthwa, ndipo zonsezi zimalasa m'mbali. Tayala likang'ambika m'mbali ndiye kuti latha, ngakhale mano ake akhale atsopano.

Matayala a BFGoodrich KO2 ndinkawafuna, koma pa mtengo wake ndalama zanga zikanakwanira anayi okha, pomwe ine ndinkafuna asanu ofanana. Ndinatenga mtundu wotsikirapo mtengo kuti sipeya nayo ikhale yeniyeni. Patatha miyezi yonseyi, mano atha mofanana mbali zonse, m'mbali muli zipsera za miyala koma palibe lomwe lang'ambika, ndipo kubooka komwe ndakumana nako n'kwa misomali ya m'tauni, komwe ndimatseka ndekha ndi tizingwe ta pulagi osachotsa tayala. Zoipa zake ziliponso. Amalemera, motero dizilo imapita mofulumirirapo pang'ono, ndipo pa phula lonyowa, makamaka mvula yoyamba ikagwa pa msewu wodzaza mafuta, sagwira ngati matayala a m'tauni. Kumbuyo kukakhala kopanda katundu muyenera kuponda mabuleki msanga.

Pa nkhani yokulitsa saizi, werengani nokha. Tayala la 265/70R16 ndi lotalika pafupifupi mamilimita 777, la 265/75R16 mamilimita 804, ndipo la 285/75R16 mamilimita 834. Kuchoka pa loyamba kufika pa lomaliza, difu imakwera ndi mamilimita osakwana 30, chifukwa chomwe chimakweza galimoto ndi theka lokha la kusiyanako. Pofuna kupeza timamilimita timeneto mumalipira matayala odula, sipidomita imayamba kunama ndi pafupifupi 7 peresenti, matayala amakhula m'mphepete mukakhota kwambiri, ndipo injini ya 2.5, yomwe kale ilibe mphamvu zochuluka, imavutika pa zitunda za pakati pa Rufunsa ndi Luangwa mutanyamula. Ndipo mukafuna matayala a salaula, omwe mu Lusaka ali ponseponse, onani manambala anayi omaliza pa mzere wolembedwa DOT m'mbali mwa tayala: awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka chomwe tayala linapangidwa. 3519 ndiye kuti sabata ya 35 m'chaka cha 2019. Mano akhoza kukhala abwino mphira itakalamba kale.

Chinthu chomwe chandibwezera ndalama koposa zonse ndi chotchipa kwambiri pa mndandanda: kompuresa yolumikiza ku batire ndi geji ya mpweya. Anthu ambiri amayenda ndi mpweya umodzimodzi kuchoka pa Cairo Road mpaka pakhomo pa agogo awo, chifukwa akauchepetsa alibe pokapopera. Ine pa phula ndimaika pafupifupi mabar 2.4, kumbuyo ndimawonjezera ndikanyamula. Ndikafika pa msewu wa miyala ndi mabampu ndimatsitsa kufika cha pa 1.8, ndipo mu mchenga wakuya mpaka 1.2, n'kumayenda pang'onopang'ono osakhota mwamphamvu kuti tayala lisavuke pa limu. Tayala lofewa limatambasuka, limayandama pamwamba pa mchenga m'malo mokumba, ndiponso limameza mwala m'malo mophulika nawo. Malo omwe kale ndinkadutsa ndi liwiro ndi pemphero, lero ndimadutsa mu 4L, giya yotsika yokoka ndi magudumu onse anayi, injini ili phee. Chofunika n'kupopanso mukangobwerera pa phula, chifukwa tayala lofewa likathamanga limatentha mpaka kuwonongeka mkati.

Kompuresa gulani yolumikiza ku batire mwachindunji ndi zopanira, osati ija yolowetsa pa soketi ya m'kati. Tating'ono tija timatentha tisanamalize tayala lachiwiri. Yanga imagwirabe bwino, koma paipi yake yauma ndi dzuwa ndipo ndaisintha kale.

Pamodzi ndi kompuresa ndinagula fosholo yaitali mpini, lamba wokokera wolembedwa makilogalamu 8,000, ma shackle (zitsulo zolumikizira lamba ku galimoto) awiri a matani 4.75, ndi thabwa lochindikala loika pansi pa jeki. Ndinamangitsanso zokokerapo zenizeni pa chasisi. Apa ndilankhule mosabisa, chifukwa ndimaziona kawirikawiri pa misewu ya kumudzi: musakolowetse lamba pa kampira ka towbar kaja. Kanapangidwira kukoka ngolo mwapang'onopang'ono. Mukakoka mogwedeza kamathyoka, lamba n'kukaponya ngati mwala wa legeni, ndipo kamakalowa pa galasi la galimoto inayo. Anthu afa nako. Ana ndi onse obwera kudzathandiza auzeni aime patali musanayambe kukoka.

Filita yachiwiri ya dizilo, yolekanitsa madzi, ndi chinthu chomwe sindingasonyeze kuti chinapulumutsa chakuti, koma sindingachichotse. Injini za dizilo ngati yangayi, zotchedwa common rail, zimapopa mafuta pa mphamvu yopitirira mabar 1,000, ndipo ma injector ake, omwe amapopera dizilo mu injini, sapirira madzi kapena fumbi monga zinkachitira injini zakale. Ukakhala kutali ndi msewu waukulu, nthawi zina dizilo umagula ya m'zigubu, yomwe sudziwa kuti yasungidwa motani. Filitayi ili ndi kapu yoonekera pansi pake, ndipo ndakhala ndikupezamo timadzi ndi zinyalala zofiirira pambuyo pa maulendo otere. Mtengo wake wonse sufika pa injector imodzi. Tsiku lomwelo tinatalikitsa timapaipi topumira ta madifu, kutikweza mpaka pamwamba. Difu yotentha ikalowa m'madzi ozizira imayamwa madzi kudzera pomwe imapumira, mafuta n'kusanduka ngati mkaka. Kantchito aka n'ka paipi ndi tizomangira basi, ndipo kwa ife odutsa m'madzi osefukira a mu Lusaka mu Januwale n'kofunika msanga kuposa snorkel. Madzi ofika pomwe injini imakokera mpweya ine sindilowamo n'komwe, ndimadikira atsike.

Pomwe mtima wanga uli pawiri ndi pa masipuling'i. Akale a kumbuyo anali atagona, moti ndikaika matumba khumi a feteleza a makilogalamu 50 galimoto inkaloza kumwamba, usiku magetsi n'kumathobwa anzanga m'maso. Ndinaika masipuling'i a katundu wolemera ndi ma shock atsopano mbali zonse zinayi. Ndikanyamula, galimoto imakhala mowongoka, siyendanso mopepesuka pa makona, ndipo ma shock satopa pa mabampu aatali monga ankachitira akale. Koma masiku ambiri galimotoyi imayenda yopanda kanthu, ndipo pamenepo imagunda kwambiri. Amayi anga, titawatenga kupita ku Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti, anatsika atagwira msana n'kundifunsa kuti, "Kodi mwanawe, mwagulitsa galimoto n'kugula ngolo?" Kwa munthu amene katundu wolemera amanyamula pa nyengo zokha, masipuling'i apakati ndi okwanira, ndipo ndalama yotsalayo iwonjezedwe pa ma shock abwino. Olemerawa ndi a galimoto yomwe tsiku lililonse imakhala ndi kanope, madilowa ndi thanki ya madzi kumbuyo.

Kukweza sindinakufune. Masipuling'i atsopano anabwezeretsa msinkhu womwe unatayika n'kuwonjezera pang'ono, basi. Kutsogolo kwa Vigo gudumu lililonse limayenda palokha, ndipo mukakweza kupitirira mamilimita 50, ma CV joint (zolumikizira zofikitsa mphamvu ku magudumu) amagwira ntchito atapindika, mabuti ake, mphira zowaphimba, amang'ambika msanga, kenaka mumayamba kugula zina zokonzera vuto lomwe mwadzigulira. Ndiponso kukweza thupi sikukweza difu ya kumbuyo, yomwe ndiyo imakhula pakati pa msewu wokumbika ndi mathirakitala.

Za bullbar ndi winchi ndimafunsidwa kawirikawiri, makamaka ndi anyamata omwe magalimoto awo amawala ngati sitolo koma sanapitepo kupyola Chongwe. Bullbar yachitsulo pamodzi ndi winchi zimaika kulemera kwa munthu wamkulu pamphuno pa galimoto, usana ndi usiku. Kulemera kumeneko kumachotsedwa pa katundu yemwe galimoto imaloledwa kunyamula, kumagonetsa masipuling'i a kutsogolo ndipo kumadya matayala. Bullbar ili ndi ntchito yake kwa munthu woyenda usiku pa Great East Road, komwe mbuzi ndi ng'ombe zimadumphira mu msewu. Ine ndinasankha kunyamuka m'bandakucha kuti ndikafike kusanade, ndipo zimenezi sizinanditengere ngwee. Winchi nayo imafuna mtengo womangirirapo, pomwe malo omwe ndimatitimira ndi m'dambo, mopanda mtengo ngakhale umodzi.

Dambo ndiye malire a zonse zomwe ndagula. Dothi lakuda la makande likakhuta mvula mu Febuluwale limadzaza mano a all-terrain nthawi yomweyo, tayala n'kusalala, ndipo kutsitsa mpweya kumangothandiza pang'ono. Matayala a mud-terrain angakufikitseni patsogolo pang'ono, koma kenaka mimba ya galimoto imakhala pansi chimodzimodzi, muli kutali ndi pouma. Si pachabe kuti makampu a m'tchire ku South Luangwa, omwe ali ndi ma Land Cruiser okonzedwa bwino, amatseka nyengo ya mvula. Kwathu ndikatitimira pamenepo chimanditulutsa ndi fosholo, nthambi, anthu a m'mudzi, ndipo zikavuta thirakitala ya mnzathu. Pachifukwa ichi feteleza wa kumudzi ndimapititsa mu Okutobala nthaka ikadali youma.

Chomwe ndimachisowa kwenikweni ndi loko ya difu ya kumbuyo, yochititsa magudumu onse awiri kuzungulira pamodzi, yomwe galimoto yanga inabwera ilibe. Pokwera kuchoka mu mtsinje wouma, gudumu limodzi la kumbuyo likanyamuka ndi lina la kutsogolo likapepuka, mphamvu yonse imathawira ku magudumu opanda ntchitowo, galimoto n'kuima ngakhale ili mu 4L. Pano ndimabwerera m'mbuyo, kuunjika miyala m'dzenje n'kuyesanso. Loko ingathetse zimenezi, koma mtengo wake pamodzi ndi kumangitsa ukuyandikira wa matayala onse. Choncho mvula ya Novembala isanayambe ndigula limu ndi tayala lachisanu ndi chimodzi, chifukwa saizi ya LT imeneyi supezapeza m'timasitolo ta m'mbali mwa msewu ukapyola Luangwa, ndipo ndisinthitsa masipuling'i a kumbuyo pochotsa tsamba limodzi ngati makanika avomereza. Loko idikira mpaka nditagulitsa soya chaka chamawa.