Karate ya ana ku Chitawira: ndemanga ya kholo

Mwana wanga wamkazi wa zaka 7 amaphunzira karate Loweruka m'mawa mu holo ya tchalitchi china ku Chitawira. Ndalama yake sikupita pachabe, koma amene mukufuna kuti mwana azibwera kunyumba akuswa njerwa ndi dzanja, kumeneku si kwanu.

Aphunzitsi ake, omwe ana amawatchula kuti sensei, amaphunzitsa Shotokan, karate yomwe Gichin Funakoshi wa ku Okinawa adaifalitsa ku Japan. Ana amayamba ndi lamba woyera, amawerama polowa, ndipo poponya zibakera amawerenga m'Chijapani kuti ichi, ni, san. Kata ya Heian Shodan, womwe ndi mndandanda wa mayendedwe oloweza pamtima, ikumusokonezabe wangayu, potembenuka amalowera kumene anzake achokera.

Chimene ndimalipirira ine ndi gawo lomaliza. Sensei amanena mosapsatira kuti kamwana sikangagwetse munthu wamkulu ndi chibakera. Ndiye amagwira mwana aliyense padzanja, n'kumuonetsa kupotokola mkono cha ku chala chachikulu cha womugwirayo, poti mpamene pamakhala pofooka. Akapulumuka akuwe kuti "Ndisiyeni, sindikukudziwani!" n'kuthawira komwe kuli anthu. Wangayu ndi wamanyazi, ngakhale moni amayankha chapansipansi, koma tsopano akakuwa amayi ogulitsa mandasi panja amatembenuka. Sensei awalowezetsa anawo pamtima nambala ya 116, yaulere ija yothandiza ana. Lamulo lina ndi loti womenya mnzake kusukulu amakhala pabenchi, anzake akuphunzira.

Zodandaulitsa zilipo. Pansi ndi pa simenti ndipo mamati ndi ochepa, moti pophunzira kagwedwe ana amadikirana pamzere mpaka ang'onoang'ono kuyamba kusewera chipako. A zaka 5 ndi a zaka 12 ali m'gulu limodzi, mphunzitsi ndi mmodzi yekha. Ndalama ya mayeso osinthira lamba anatiuza kutatsala masiku ochepa, pakati pa mwezi penipeni. Zimenezi azinena polembetsa pomwe.

Yunifomu yoyera ija, gi, musathamangire kugula yatsopano poti ana amakula msanga. Yathu tinaipeza pa kaunjika ku Limbe, telala n'kuifupikitsa miyendo. Holoyo ndi ya malata opanda siling'i, choncho mwezi wa Okutobala mwana musamutumize wopanda botolo la madzi, ndipo zikhadabo muzimuwenga asanapite.