Kuponya nangula kapena kulipira pa marina?

Anzanga amene angogula kumene maboti a matanga sasiya kundifunsa kuti dzuwa likamalowa azigona kuti: aziponya nangula pagombe lobisika ku mphepo, kapena azilowa pa marina, doko lolipiritsa loimikapo maboti, n'kumangirira boti? Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi.

Ndiyambe ndi chimene chinandiwawa. Boti lathu pamapepala ndi la mamita 11. Tsiku lina mphepo itakula tinathawira pa marina ina, dzina sinditchula. Ndinafunsa mtengo pa wailesi tisanalowe, anandiuza wa mamita 11, ine n'kuvomera. Kutacha kunabwera mnyamata ndi tepi yoyezera. Anayambira pa nsonga ya nangula amene amasuzumira kutsogolo, mpaka kukathera pa kaboti kamene timakoleka kumbuyo. Anapeza mamita 13 ndi kanthu, basi tagwera m'gulu la maboti akuluakulu. Nditakwiya anandionetsa pepala la malamulo awo: amalipiritsa malo onse amene boti latenga, za mapepala ako alibe nazo ntchito. Sananame ayi, marina zambiri zimatero. Koma analekeranji kunena dzulo lake? Kuwonjezera apo magetsi anali ndi mita yakeyake, ndipo kiyi wa kubafa anafuna chikole. A catamaran, maboti a mathunthu awiri olumikizana, ndiye ndimawamvera chisoni, poti iwo amalipiriranso kutambalala kwa boti lawo.

Zabwino zilipo, ndisabise. Umasamba madzi otentha osawerenga malita, umachapa, umadzaza matanki ndi paipi, umatsikira kumtunda mapazi ali ouma. Tulo ndiye n'tovuta. Zingwe za maboti a eni ake amene anapita kwawo zimamenya milongoti usiku wonse, ndipo popeza boti lamangidwa silingatembenukire ku mphepo, m'kati mumatentha ngati mu uvuni.

Pa nangula boti limaloza lokha kumene kukuchokera mphepo. Ungotsegula chitseko cha padenga kutsogolo, kamphepo kayaziyazi n'kumadutsa mpaka kumbuyo. M'malo ambiri sulipira kanthu. Chimene umalipira ndi tcheru, ndipo apa ndi pamene atsopano amagwa. Amaona kuya kwa mamita 4 n'kutsitsa tcheni cha mamita 20, ati tcheni chakwana kasanu kuya kwa madzi monga zimafunikira. Aiwala kuti madzi a m'nyanja yamchere amadzadza ndi kuphwa, m'madera ambiri kawiri pa tsiku. Ngati wafika ataphwa ndipo akwera ndi mamita 3, kuya kwako ndi 7. Onjezapo mita imodzi kuchokera pamadzi kufika pamphuno ya boti, zikhala 8. Kasanu ndi mamita 40, ndipo kukanunkha chimphepo ine ndimafika kasanu ndi kawiri. Ukatero ubweze boti chammbuyo ndi injini kuti nangula alume. Mumchenga ndi m'matope amagwira bwino, paudzu wa pansi pa nyanja amangotsetsereka, pamiyala akhoza kukodwa osatulukanso. Usiku uyatse nyali yoyera yooneka mbali zonse, utchere alamu ya GPS yoti ilire boti likachoka pamalo pake. Ngakhale utachita zonsezi, mphepo ikasintha pakati pa usiku umadzuka ndithu, tochi m'manja, kuona ngati mnansi amene anatsitsa tcheni chachifupi sakukukokerera.

Chotopetsa china ndi madzi akumwa. Zigubu za malita 20 umazipalasira pa kaboti, ukafika matako anyowa, msana ukulira. Magetsi ndi a sola, ndiye mitambo ikakhala masiku atatu firiji imayamba kukangana ndi batire.

Ena amati njira yapakati ndi maboya omangirapo boti, zoyandama zogwidwa ndi tcheni pansi pa nyanja. Ine sindiwakhulupirira kwenikweni. Tcheni changa ndimachidziwa mphete iliyonse, koma cha pansi pa boya sindidziwa kuti dzimbiri lachidya kufika pati, ndipo ndilipirenso.

Choncho ife timagona pa nangula masiku ambiri. Pa marina timalowa akalosera namondwe, kapena zovala zakuda zikadzadza thumba ndipo matanki ayamba kulira mphwepwa. Tisanalowe, kaboti ndimakakweza pamwamba pa boti n'kukamanga chafufumimba, mtengo ndimafunsa kawiri pa wailesi, ndipo tepi ndimakhala nayo yangayanga m'thumba.