Madambo a ku Louisiana: kupopa matope kapena kutsegulira mtsinje?

Dambo la m'mbali mwa nyanja limapulumuka ngati nthaka yake ikukwera mofulumira kuposa madzi. Madzi akasefukira, udzu umakola matope, mizu yowola n'kuwonjezerapo. Ku Louisiana, dera la m'dziko la United States, zipupa zotchinga mtsinje wa Mississippi zinatsekereza matopewo, ndipo kuyambira m'ma 1930 malo pafupifupi masikweya kilomita 5,000 amira.

Njira yoyamba yobwezeretsa madambowa ndi kukumba matope pansi pa mtsinje n'kuwapopera kudambo kudzera m'mapaipi. Nthaka imaoneka msanga, koma ndalama zake n'zambiri, ndipo makina akangochoka, nthakayo imayambanso kutitimira.

Yachiwiri ndi kuboola chipupa kuti mtsinje uzibweretsa wokha matope chaka ndi chaka. Ku Wax Lake, ku Louisiana komweko, ngalande imene inakumbidwa m'ma 1940 pofuna kuchepetsa kusefukira kwa mtsinje wa Atchafalaya inabala nthaka yatsopano mosayembekezereka. Nthakayo inaonekera madzi atasefukira mu 1973, ndipo ikukulabe. Kwa ine njira imeneyi ndiyo yolimba, ngakhale imachedwa. Asodzi a nkhono za oyster nawo ali ndi chifukwa choikanira: madzi opanda mchere akachuluka amapha nkhonozo.