Zeitz MOCAA, Cape Town: ndinalowa m'nkhokwe ndi kutuluka ndi ntchito m'manja

Ndine telala, ndipo ndakhala ku Cape Town kuno zaka zingapo ndikusoka madiresi a zitenje, mayunifolomu a kwaya ndi kupinda mathalauzi. Chaka cha 2023 mtima wanga unali utazizira pa ntchitoyi. Makasitomala amabwera ndithu, koma aliyense amafika ndi chithunzi cha pa Facebook n'kunena kuti "mundisokere ngati iyi", ine n'kusoka, iwo n'kulipira, basi. Manja ankagwira ntchito koma mutu uli phee. Mayi wina amene timapemphera naye ndiye anandiuza kuti Lachitatu m'mawa, kuyambira 10 koloko mpaka 1 koloko, nzika za mayiko a mu Africa zimalowa ulere ku Zeitz MOCAA, nyumba yoonetsera zaluso zamakono yomwe ili ku V&A Waterfront. Ndinatenga pasipoti yanga ya Malawi, ndinakwera basi ya MyCiTi, ndipo pakhomo anangoiyang'ana n'kundilola kulowa. Mwana wanga wa zaka 11 nayenso sanalipire, popeza ana osakwana zaka 18 salipira.

Choyamba kunena ndi nyumbayo. Abale, ndi nkhokwe yeniyeni. Anaitsegula mu 1924 kuti azisungiramo chimanga ndi mbewu zina zodikira kukwezedwa m'sitima, ndipo inagwira ntchitoyo mpaka 2001. Mkati mwake munali migolo yaitali ya simenti yokwana 42, yoima moyandikana ngati mapaipi. Pokonza kuti ikhale nyumba ya zaluso, yomwe anaitsegula mu Seputembala 2017, katswiri wa mapulani a nyumba Thomas Heatherwick sanaigwetse yonse migoloyo. Anaisema chapakati, n'kusiya mphako yaikulu yooneka ngati njere imodzi ya chimanga. Ukaima pansi n'kukweza maso umaona m'mphepete mwa migolo mmene macheka anadutsira, timiyala ta m'simenti tili poyera, kuwala kukutsika kuchokera kudenga. Ine amene ndinakulira pakhomo pomwe agogo ankamata nkhokwe ndi dothi chaka ndi chaka, ndinagwira khomalo ndi dzanja. Linali lozizira, losalala pomwe anadula, lokhakhala pomwe anasiya. Chikepe chagalasi chimakwera mkati mwa mgolo umodzi, ndipo mwana wanga anapempha kuti tikwere katatu.

Chionetsero chomwe tinachipeza chinali When We See Us, chimene anakonza Koyo Kouoh, mayi wa ku Cameroon yemwe ankatsogolera nyumbayi nthawi imeneyo ndipo anatisiya mu 2025. Munali zithunzi zopenta pafupifupi 200, za zaka 100 zapitazi, zonse zoonetsa anthu akuda monga momwe anthu akuda eniake amadzionera. Anaziika m'magulu: za moyo wa tsiku ndi tsiku, za chisangalalo, za kupuma, za uzimu, ndi zina. Munali ntchito za akuluakulu akale monga Gerard Sekoto ndi George Pemba a ku South Africa konkuno, komanso Chéri Samba wa ku Congo, pamodzi ndi achinyamata amene angoyamba kumveka.

Chipinda cha kupuma ndicho chinandigwira. Tinazolowera kuti munthu wakuda akajambulidwa, ndiye kuti akulira, wasenza katundu, kapena watambasula dzanja kupempha. Muno munali anthu atangokhala. Ena atagona chotsamira, ena akuyang'ana pawindo, palibe amene akuthamangira kwina. Ndinaima nthawi yaitali pa chithunzi cha Zandile Tshabalala cha amayi awiri ogona chotsamira, khungu lakuda bii, milomo yofiira psuu, maso ali pa iwe ngati akufunsa kuti ukufuna chiyani pakhomo pawo. Ndinayesa kukumbukira tsiku lomwe ndinaona amayi anga atakhala osagwira kanthu, ndipo ndinapeza limodzi lokha: madzulo ena titamaliza kukolola, atayala mkeka pakhonde, atavula mpango, miyendo atatambasula, akusisita mapazi. Misozi inalengeza pomwepo, pakati pa anthu.

Monga telala, maso anga ankapita pa zovala za m'zithunzimo. Ndinaona mmene wopenta amaikira mtundu wobiriwira pafupi ndi wofiirira n'kukhala bwino, mitundu yomwe ine ndikanakaniza kasitomala. Ndinaona kuti kupindika kwa nsalu pa bondo amakuonetsa ndi mizere iwiri kapena itatu yokha. Ndinali ndi kabuku kanga kolembamo miyeso ya makasitomala, ndipo masamba anayi akumapeto anadzaza ndi timizeremizere.

Ogwira ntchito m'zipindamo anatilandira mwaulemu. Mtsikana wina ataona mwana wanga akuyandikira kwambiri chithunzi, anamuuza mofatsa poyenera kuima, kenaka anamufunsa kuti akuonapo chiyani. Anacheza mphindi zingapo ndithu.

Malangizo anga kwa amene mukufuna kupita: fikani 10 koloko yeniyeni ngati ndi Lachitatu, chifukwa nyumbayi ndi ya nsanjika zambiri ndipo maola atatu amatha osadziwa. Musaiwale pasipoti kapena chitupa. Valani nsapato zofewa. Zolemba za pakhoma zili m'Chingerezi, choncho ngati mukupita ndi achikulire, mukhale okonzeka kuwamasulira, ngakhale kuti zithunzi zambiri zimalankhula zokha. Zionetsero zimasinthasintha, ndiye yambani mwafufuza zomwe zilipo sabata imeneyo. Mukamaliza mukwere pamwamba mukaone Table Mountain ndi doko.

Nditabwerera kunyumba ndinatulutsa thumba la zidutswa za nsalu lomwe limakhala pansi pa tebulo la makina. Ndinkadziwa kale za Billie Zangewa, wobadwira ku Blantyre mu 1973 ndipo amakhala ku Johannesburg, amene amasoka pamanja zithunzi za moyo wa pakhomo ndi zidutswa za silika, koma ndinkaganiza kuti zimenezo n'za anthu ophunzira. Usiku umenewo ndinadula chidutswa chachikasu kukhala mkeka, chakuda kukhala miyendo, ndi kachitenje kakale ka amayi komwe ndinabwera nako kuchokera kumudzi kukhala chovala chawo. Zinanditengera masabata atatu, ndikusoka madzulo ndikaweruka. Mapazi ndinasula kawiri asanaoneke ngati awo.

Nyumba ya zalusoyi ndikuipatsa nyenyezi zisanu zonse. Chithunzicho chili pakhoma pamwamba pa makina anga, ndipo makasitomala awiri andipempha kale kuti ndiwasokere amayi awo. Mmodzi wabweretsa mpango wa malemu mayi ake, ndipo ndiyamba kuudula Loweruka.