Firiji yanga pa miyezi 14: gasi sanathe, zinatha ndi ndalama

Alamu anga a ku Domwe ananditumizira uthenga pa WhatsApp Lamlungu lapitali. Akuti agulitsa chimanga ndi kachewere, ndipo akufuna kugula firiji yonga yanga ija ndinaitamanda pano itangokwana mwezi umodzi. "Alamu, ikugwirabe?" Ndinalemba yankho, kufufuta, kulembanso, kufufutanso. Vuto ndi lakuti yankho langa limatengera tsiku. Ndikatsegula chivundikiro m'mawa n'kupeza karapau ali gwa ngati chikuni, ndimati gulani. Ndikatsegula kope limene ndimalembamo ndalama, ndimati dikirani kaye.

Ndi firiji ya bokosi yotsegulira pamwamba, imene kuno timati kongeladolo, ya malita 200. Ndinaigula mu Ogasiti chaka chatha pa loja ina mumzinda wa Tete pa mameticais 19,500, ndipo kuinyamula mpaka kuno ku Ulongwe kunandidyera 1,200 ina. Ndimasungamo karapau, nkhuku ndi fizesi za malambe zimene ana asukulu amagula masana.

Zabwino zake sindichulutsa mawu. Fizesi ndikaika madzulo, m'mawa zauma. Labala ya chivundikiro ikadagwirabe bwino. Magetsi akathima tsiku lonse, bola osatsegulatsegula, nsomba sizisungunuka. Pa Credelec, mayunitsi a magetsi olipiriratu aja, siidya kwambiri monga ndinkaopera. Kadengu ka waya ka m'kati kanathyoka mwezi wachiwiri, koma kumeneko ndine wolakwa, ndinkakasenzetsa nkhuku.

Nkhani yeniyeni inayamba mu Disembala, mvula itangokhazikika. Sabata imeneyo ziphaliwali zinali tsiku ndi tsiku, magetsi n'kumathima, kuyaka, kuthimanso. Chiphaliwali sichisamala kuti damu la magetsi la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwechino. Usiku wina ndili gone ndinamva firiji ikung'ung'udza pang'ono, kenako "tcha!", n'kukhala zii. Papita mphindi zingapo, kung'ung'udzanso, "tcha!" Kanyali kobiriwira kanali koyaka ndithu, ndiye ndinangotembenuka n'kugona. Kutacha ndinapeza fizesi zili lobodolobodo, ndipo pansi pa bokosilo panali madzi ofiirira a nsomba. Munali makatoni awiri a karapau amene ndinapikula kukonzekera Khirisimasi.

Ndinaimbira foni eni loja. Anandiyankha mwaulemu ndithu: "Mayi, garantiya ilipo, bweretsani kuno, musaiwale fatura, lisiti logulira lija." Nditafunsa kuti idzatenga masiku angati, anati katswiri wawo adzaiona chikapita Chaka Chatsopano. Tawerengani nokha. Kupita 1,200, kubwera 1,200, ine mwini ndikwere chapa, minibasi ija, kawiri, ndiye milungu itatu ya malonda a chaka ndikhale manja lende. Lamulo loteteza ogula, lija la nambala 22 la 2009, limati katundu wotere azikhala ndi garantiya yosachepera chaka chimodzi. Koma garantiya yangayo inali ku Tete, pamene nsomba zinkasungunukira ku Ulongwe.

Ndiye ndinachita zimene aliyense akanachita. Mnansi wanga anandiitanira mmisiri wina wachinyamata amene amazungulira pa njinga yamoto. Anafika msanga, izi ndimuyamikire. Anagwada kuseri, kugwira mapaipi ndi dzanja, kugogoda apa ndi apo, n'kudzuka akupukuta m'mawondo. "Gasi watha, mayi." Sanayeze chilichonse. Ine ndinkadziwa chiyani? Gasi wophikira amatha, mafuta a njinga amatha, ndiye ndinaona kuti n'zomveka. Anaboola kapaipi, kumangirirapo kavavu, kuthira gasi kuchokera m'kabotolo, n'kundiuza 2,500. Ndinanenerera, anakana, ndinatumiza pa M-Pesa. Atailumikiza inalira bwinobwino. Karapau wosungunuka uja ndinamuthira mchere n'kumuyanika, ndipo ndinamugulitsa motchipa kwa amayi a pamsika.

Inagwira milungu itatu. Pakati pa Januwale "tcha!" uja anabweranso, ndiponso isanaime n'komwe inali itayamba kuzizira mwaulesi. Mnyamata uja atabweranso sanagwade n'komwe. Akuti tsopano ndi mota yapsa, kompuresa imene ija, ndipo angandipezere yogwiritsidwapo kale ntchito kuchokera ku Malawi pa 7,500. Tsiku limenelo firiji ndinaitukwana ngati munthu. Mukanandifunsa pamenepo, alamu, ndikanati ndalama za kachewere mukagule mbuzi.

Anandiletsa ndi bambo a kunyumba, osati chifukwa chodziwa za mafiriji, koma 7,500 panalibe. Inakhala milungu iwiri ili chivundikiro pululu, ana n'kumaikamo nsapato. Kenako kutchalitchi wina ananditchulira bambo ena achikulire amene anagwirapo ntchito yokonza zoziziritsira ku Moatize. Pa foni anandiuziratu kuti kungobwera kudzaona ndi 500, ikonzeke isakonzeke. Zinandipweteka. Kuona kokha? Maso ndili nawo inenso.

Anabwera ndi chikwama chachikale ndi kamita koyezera magetsi. Anayamba ayeza pa soketi. Kenako anazula pulagi, kutsegula kabokosi kakuda kamene kali m'mbali mwa kompuresa, n'kusolola kachipangizo kochepa ngati bokosi la machesi. Anayeza timapini titatu ta pa kompuresa, awiriawiri, akulemba manambala pa chikatoni. Atatero anandiitana. "Mayi, tabwerani mumve." Anakagwedeza kachipangizo kaja pafupi ndi khutu langa, ndipo m'kati munalira tchekeretchekere ngati nthanga za dzungu zouma. Akuti ameneyu ndi rele, ntchito yake ndi kudzutsa mota ikamayamba, ndipo m'kati mwake muli kambale kakang'ono kamene kanasweka. Magetsi akathima n'kubweranso nthawi yomweyo, mota imavutika kudzuka chifukwa gasi amakhala asanakhazikike m'mapaipi, ndiye rele amatentha mpaka kutopa. "Tcha!" uja ndi kachitetezo kamene kamadula magetsi kuti mota isapse. Mota yanga inalibe vuto lililonse.

Nanga gasi uja? Anaseka pang'ono, osati mondinyoza. Anati gasi wa m'firiji amangozungulira m'mapaipi otsekeka, satha ngati wophikira. Akachepa ndiye kuti pena pabooka, ndipo mmisiri woona amayamba wapeza bowolo asanathire wina. Anandionetsa kapepala komata kuseri, pamene palembedwa mtundu wa gasi wake, R600a, ndi magalamu ake. Ndinakumbukira kuti kabotolo ka mnyamata uja kanatsala kuseri kwa nyumba, ana ankaseweretsa. Titakatola, palembedwa R134a. Akuti gasi ameneyo sagwirizana ndi mafuta a mota yangayo, ndipo amailemetsa. Anapaka thovu la sopo pa kavavu kaja, thovulo n'kumafufuma pang'onopang'ono ine ndikuona. Firiji yanga inalibe bowo mpaka tsiku limene ndinalipira 2,500 kuti aiboole.

Ntchitoyo anaigwirira panja pansi pa mtengo wa mapeyala, chifukwa R600a amayaka moto. Anachotsa kavavu, kusintha fyuluta, kupopa mpweya wonse ndi pampu yawo, n'kuthira gasi woyenera pa sikelo. Zinatenga masana onse. Mtengo anaulemba pa pepala long'amba m'kope, chinthu chilichonse pa mzere wake: kuona 500, rele 400, fyuluta 300, gasi ndi ntchito 1,800. Zonse 3,000. Rele wakale anandipatsa m'manja, n'kunena kuti ikavutanso pa zomwezi isanathe miyezi itatu adzabwera ulere. Anandiuzanso ndigule kachipangizo ka pa soketi kamene kamachedwetsa magetsi mphindi zingapo akabweranso. Ndinakagula pa 900.

Bambo a kunyumba mpaka lero amati 500 ija inali kuba masana, chifukwa kupeza vutolo sikunatenge ngakhale mphindi 15. Ine sindigwirizana nawo. Mnyamata uja kuona sanalipiritse, koma kuona kwake kwaulereko kunandidyera 2,500, kukanandidyeranso 7,500. Bambo achikulirewo analipiritsa zambiri kuposa iye, koma metical iliyonse ndinaiona kumene ikupita. Komabe musandiyese woyera mtima. Nditapita ku Tete ndinapeza rele yemweyo pa 250 m'kaloja ka zipangizo, ndipo 150 ya pamwambayo inandikhala pakhosi tsiku lonse, ngakhale ndikudziwa kuti rele sakwera yekha chapa kubwera kuno ku Angonia.

Mnyamata uja ndinakumana naye pamsika. Ndinamufunsa bwinobwino za ndalama zanga. Yankho lake: "Pajatu inagwira milungu itatu, mayi." Sindikudziwa ngati anandinamiza dala kapena nzeru zake zimathera pa kabotolo kaja. Bambo achikulire aja anati rele wotopa nthawi zina amadzukanso akapuma n'kuzizira, ndiye mwina mnyamatayo amakhulupiriradi kuti anaikonza. Kwa ine zonse ndi chimodzimodzi, 2,500 sinabwerere.

Amene ndikadali nawo mawu ndi eni loja. Mu Malichi ndinapita konko ndi fatura, pepala la mmisiri ndi rele wakufa uja m'kachikwama. Sindinkafuna firiji yatsopano, ndinkangofuna andithandizeko pa zimene ndinawononga. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti popeza paipi inabooledwa ndi munthu wakunja, garantiya inathera pomwepo. Papepala akunena zoona, zinalembedwadi kuseri kwa fatura m'Chipwitikizi cha timalemba ting'onoting'ono. Koma ndinawafunsa kuti, bambo, tsiku lija ndinakuuzani pa foni kuti ikulira "tcha!", simukanandiuza kuti ndisalole munthu kukhudza mapaipi? Simukanatumiza karele ka 250 pa chapa? Anangoti pepani, n'kundiuza kuti andichotserako 200 ndikagula fani. Kunja kunali kotentha ngati m'ng'anjo monga mudziwira Tete, koma fani yawoyo ndinaisiya. Wina anandiuza kuti ndikadandaule ku INAE, bungwe la boma loyendera malonda. Ndinawerenga za chapa ndi masiku otseka malonda anga, ndinangozisiya.

Kope langa likuti pa kukonza ndi kachitetezo ka pa soketi kaja ndawononga 6,400, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa firijiyo. Ndikaphatikiza zimene ndinaluza pa karapau, ngati 2,000, mutu umayamba kuwawa. Komanso kuyambira Febuluwale sinandivutepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo ndi dzuwa la Okutobala lino fizesi zikutha isanakwane 2 koloko. Firijiyo payokha sindiipeza chifukwa chachikulu. Chinafa ndi kachipangizo kotchipa, m'nyengo imene mafiriji ambiri amavutika.

Alamu ndawayankha dzulo usiku. Ndawauza kuti agule, koma 900 ya kachitetezo aiwerengere pa mtengo womwewo, ndipo asanapereke ndalama awafunse eni loja kuti ikafa ku Domwe adzainyamula ndani, yankholo alilembe pa fatura. Ndawatumiziranso nambala ya bambo achikulire aja. Andiyankha m'mawa uno kuti 500 yongoonera yawachulukira, ndipo ku Domwe kuli mnyamata wina wa njinga yamoto amene amaona ulere.